Mchere Umene Ndinachotsa M'buku la Eni Ake

Tadala ndi Chikondi, ana anga, mutu uno ndaulemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mukamaliza kuwerenga mudzandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma nkhaniyi yagona pa mawu amodzi a kwathu, ndipo ikasamutsidwa imafa panjira. Za ubwana wanga ndadumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo.

Zaka zoyambirira, ku Armadale

Ndinafika ku Perth ndili namwino wokhwima, nditatha zaka khumi ndi ziwiri pachipatala china ku Dedza, ndipo ndinkayenda modzimva. Kudzimvako kunatha sabata yoyamba. Anandiuza kuti mapepala anga ayambe aunikidwa, ndipo pamene ankawaunika ine ndinali ku Armadale, m'nyumba yosungirako okalamba, kusambitsa azungu a msinkhu wa agogo anga ndi kuwadyetsa phala ndi supuni. Sindikudandaula, ntchito imeneyo ndi imene inakuvekani nsapato zakusukulu. Chimene ndinaphunzira kumeneko n'chakuti kusowa kuli paliponse. Ku Dedza tinkasowa magolovesi ndi mankhwala, koma wodwala aliyense anali ndi womudikirira wake, ena mpaka atatu, mphasa zili balalabalala pakhonde. Kuno magolovesi anali m'makatoni mpaka kudenga, chosowa chinali munthu. Awiri tinkayang'anira chigawo chonse cha nkhalamba, mabelu akulira mbali zonse, ndipo ndinkafika kunyumba miyendo itatupa, inu mukukangana za rimoti.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, kufupi ndi Fremantle

Mapepala atavomerezedwa ndinapeza ntchito ya unamwino weniweni kunyumba ina ya okalamba kufupi ndi Fremantle. Ndinkakwera sitima ziwiri kupita, ziwiri kubwera. Bwana wathu anali Lynette, amene ankakana kutchedwa mayi kapena bwana, mzimayi wamtima wabwino koma wokhulupirira kuti chinthu chilichonse padziko lapansi chili ndi fomu yake. Munthu akayetsemula, Lynette ankafuna fomu.

M'chaka chomwecho kunabwera a Mwale, nkhalamba ya ku Nkhotakota, msodzi kuyambira unyamata wawo. Mwana wawo Limbani, injiniya wa kumigodi ya kumpoto, anawaitanitsa kuno amayi ake atamwalira. Koma ntchito ya Limbani inali yokwera ndege, masabata awiri kumgodi, sabata imodzi pakhomo, ndipo bambowo atadwala sitiroko mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Kachingerezi kochepa kamene anali nako kanapita koyamba. Kenako unapita ulendo wonse wa pandege, moti sankadziwanso kuti anachoka ku Malawi. Masiku oyamba m'nyumba yathu ya okalamba ankakana chakudya, kutembenukira kukhoma, thupi likutha tikuona. Mmalawi m'nyumba yonse ndinali ine ndekha, ndiye aliyense ankangoti, "Esinati, kalankhule nawo."

Tsiku lina ndinawakankha pa wilitcheya mpaka pakhonde lam'mwamba kuti apitidwe mphepo. Kuchokera pamenepo nyanja inkaoneka, kachigawo chabe pakati pa madenga a nyumba. A Mwale anayang'ana nthawi yayitali, kenako anapumira m'mwamba.

"Anaphiri," anatero, poti ankanditchula ndi mfunda wanga, "bwanji simunanene kuti tili kufupi chonchi? Mwendowu ukangopola, ndikwera sitima yapamadzi ya Lachisanu."

Madzulo amenewo anadya mbale yonse n'kupempha ina. M'maganizo mwawo anali pachipatala cha mishoni, penapake m'mbali mwa nyanja yathu, ndipo kwawo kunali ulendo wa tsiku limodzi. Limbani atabwera n'kumva zimenezi anandigwira dzanja pakhomo.

"Anti, please, musawauze. Asiyeni choncho. Akadziwa kuti kwathu n'kutali, asiyanso kudya, ndipo ulendo uno sitiwabweza."

Ndinavomera, chifukwa ndinali nditaziona ndi maso anga. Lynette anazilemba mu fayilo ya a Mwale, Limbani anasaina, ndipo tonse tinadziwa kuti moyo wa nkhalamba ija wapachikika pa kachigawo ka madzi kaja.

Chaka chomwecho, miyezi yozizira

Lachinayi lililonse tikatha tiyi wa m'mawa, okalamba amene mitu yawo inali idakali bwino ankakumana kuwerenga buku. Wotsogolera anali mayi Margaret, mphunzitsi wopuma amene sanauzidwe kuti anapuma. Lynette anali ndi fomu yofuna umboni wakuti anthu olankhula zinenero zina nawonso akutenga mbali pa zochitika, ndipo wa chinenero china anali mmodzi yekha.

"Esinati, uzikhala pafupi ndi a Mwale n'kumawamasulira. Ndi mphindi makumi anayi zokha."

Ndinamuuza kuti ndili ndi mankhwala oti ndigawe, zilonda zoti nditsuke, ndipo sukulu ya kumasulira sindinapiteko. Anamwetulira n'kundipatsa buku. Ndinayang'ana chikuto. Panali kabwato pakati pa mafunde.

Dzina la bukulo sinditchula, ndinatopa nalo. Nkhani yake inali ya amuna anayi amene sitima yawo yophera nsomba inamira ndi namondwe, iwo n'kutsala m'kabwato kakang'ono ndi mabotolo ochepa a madzi. Kaputeni wawo ankagawa madziwo ndi kachivindikiro ka botolo, ndipo m'mawa uliwonse ankawauza anzake kuti waona mbalame za kumtunda, pomwe sanaone kanthu. Pakati pa nkhani, wophika wa m'sitimayo analephera kupirira, anayamba kumwa madzi a m'nyanja mobisa, anapenga n'kumwalira.

Sindinaonepo anthu okangana pa buku ngati nkhalamba zimenezija. Mayi Margaret ankawerenga mokweza, misozi ikulengeza, n'kunena kuti bukuli si la nyanja ayi koma la mtima wa munthu, ndipo kaputeniyo ndi wankhanza chifukwa munthu amene akufa ali ndi ufulu wodziwa kuti akufa. A Vince, amene anagwira nkhanu zikuluzikulu padoko la Fremantle mpaka msana kupindika, ankamenya tebulo. Ankati wolembayo sananyowepo ngakhale chala chakuphazi, palibe munthu angayatse ndudu pamphepo ngati imeneyo, koma pa zonse zolakwikazo kaputeni yekha ndiye analembedwa bwino, chifukwa m'bwato mukalowa mantha anthu amafa madzi asanathe. Panalinso mayi wina amene ankagwirizana ndi aliyense wolankhula pomaliza, ndipo ankadzetsa mkangano kuposa onse.

Tsopano mvetsetsani pamene panagona vuto langa. Azungu ali ndi mawu awiri, ena a madzi ngati athu a ku Malawi, ena a madzi ngati a ku Fremantle. Ife tili ndi amodzi, nyanja. Tikafuna kusiyanitsa timawonjezera kuti yamchere. Tsiku loyamba lomwelo, ndikumasulira chiganizo choyamba, mawu akuti yamchere anafika pakamwa panga ndipo ndinawameza. Ndinaopa kuti a Mwale akamva kuti kuli nyanja yamchere afunsa kuti ili kuti, kenako afunsa za ija ya pakhonde. Ndinangoti amunawo anali panyanja. Ndinkayesa kuti ndachenjera.

Zinayenda bwino mpaka mutu wachitatu, pamene ludzu linayamba. A Mwale anakweza dzanja lawo labwino.

"Anaphiri, taimani kaye. Mwati anthuwa akuvutika ndi chiyani?"

"Ludzu, bambo."

"Ali pati?"

"Panyanja."

Anaseka mpaka kutsokomola, ine kuwasisita pamsana. Atapuma anandiyang'ana ndi maso onyowa. "Wolemba ameneyu ndi wa ku Dedza ngati inu eti? Munthu kufa ndi ludzu atakhala pamwamba pa madzi! Ife tinkagona masiku atatu pamadzi, ukamva ludzu umangoweramira kunja kwa bwato. Amuna anayi, ndevu pepeya, kulimbirana kachivindikiro!"

Mayi Margaret anafunsa kuti bamboyo akuti chiyani. Ndinawauza mwachidule kuti a Mwale akuti bukuli ndi labodza. A Vince anadzuka ndi ndodo yawo, kuzungulira tebulo lonse, kudzagwira chanza a Mwale. Anati pamapeto pake m'nyumba muno mwalowa msodzi mnzawo wodziwa madzi. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukhala moyandikana, kugwedezerana mitu, aliyense akutsutsa bukulo pa chifukwa chimene mnzake sakuchidziwa.

Bodza limafuna linzake. Sabata yotsatira ndinawauza a Mwale kuti sitimayo pomira inataya mafuta, ndiye madzi anaipa. Anandiyankha kuti mafuta amayandama, munthu amapalasa pang'ono n'kutunga pansi pake, ngakhale mwana amadziwa. Sabata inayo ndinati madziwo anali ndi likodzo. Anati likodzo limakhala m'bango, osati pakati pa nyanja, ndipo ndi liti likodzo linapha munthu tsiku lomwelo. Ine namwino wa mapepala ounikidwa kawiri, kugonja kwa munthu amene sankakumbukira ngati wadya m'mawa! Titafika pa imfa ya wophika uja, a Mwale anaweruza mlandu.

"Kumwa madzi n'kupenga? Ayi, pamenepo pali dzanja la munthu. Mnyamatayo anamulodza. Kaputeniyu ndi mfiti, akufuna madzi a m'botolo atsale ake."

Za ufiti sindinamasulire, ndinangoti a Mwale akuika mlandu pa kaputeni. Mayi Margaret anaomba m'manja n'kunena kuti bambo wa ku Africa wamvetsa bukuli kuposa anthu ena obadwira padoko. A Vince anafiira khosi lonse, nati mnzawo wawagulitsa, ndipo masiku atatu anakana kudya tebulo limodzi ndi a Mwale. A Mwale nawo kundifunsa ine kuti mzungu uja wakwiya chiyani. Ndinkachoka m'chipinda chija mutu ukuwawa, nditanyamula mabuku atatu m'mutu, la wolemba, limene ndinkauza a Mwale, ndi limene ndinkabweza kwa azungu. Pasitima pobwerera ndinkawerengeratu mutu wotsatira kufunafuna pobisa mchere, anzanga akugona.

Ndinapita kwa Lynette kukapempha kuti asinthe buku. Ndinati awerenge la munda, la agalu, lililonse lopanda madzi. Anandiyang'ana ngati ndapempha kuti tiwotche nyumba. Anati gululo silinakhalepo lamoyo chonchi, fomu yake ikudzaza bwino, ndipo waganiza kuti bukulo likatha awatengere onse kugombe kuti akaone nyanja pafupi. Ndinamukumbutsa zimene zinali mu fayilo. Anati kuona madzi sikuuza munthu kanthu. Ndinamuimbira Limbani kumgodi, foni ikudukaduka.

"Anti, just manage it. Inu mumadziwa mmene mumachitira nawo."

Aliyense ankadziwa kuti ine ndimadziwa, kupatula ine mwini.

Kumayambiriro kwa nyengo yotentha

Tinapita m'mawa, pa kabasi ka nyumba yathu, kugombe lina kum'mwera kwa doko kumene anayala mphasa yolimba yoti mawilitcheya azifika pafupi ndi madzi. Lynette anatsala mu ofesi. A Mwale ndinawaveka chipewa n'kuwaimika pakati pa a Vince ndi mayi Margaret, poti anali atayanjananso. Ankanunkhiza mphepo, mphumi itachita makwinya.

"Mafunde awa ndi achilendo," anatero. "Ndipo kafungo aka, wina wataya nsomba zowola?"

Ndinayamba kukonza chipewa chawo chimene chinali chokonzeka kale. Kenako anatulutsa kapu yawo yapulasitiki ya zogwirira ziwiri, imene sinkachoka pamiyendo pawo.

"Anaphiri, kanditungireni. Lero ndiwaonetse anthu awa kuti buku lawo ndi bodza."

Ndinati madzi a m'mbali ndi akuda. Anati ndilowe pang'ono. Ndinati dokotala analetsa. Anati dokotala ameneyo abwere adzawaletse yekha. Mawu awo anayamba kukwera, ndipo mayi Margaret anafunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndinatenga kapuyo. M'thumba la yunifomu yanga munali kabotolo ka madzi akumwa, ndipo njira ndinaiona nthawi yomweyo: kulowa m'madzi, kuwapatsa msana, kuwerama, n'kuthira a m'botolo m'kapu. Palibe akanaona. A Mwale akanamwa, akanakweza kapu yawo pamaso pa onse, fayilo ikanakhala yoyera, Limbani akanagona tulo kumgodi kwake.

Ndinavula nsapato n'kulowa mpaka m'akakolo. Ndinaima pamenepo dzanja lili m'thumba, chivindikiro nditachimasula kale. Ndikanakonda kukuuzani kuti zimene ndinachita ndinazichita chifukwa cha chikondi chokha, koma ndakalamba, bodza ndatopa nalo. Theka lake kunali kutopa. Miyezi itatu ndinali nditanamiza munthu wamkulu amene ankandikhulupirira kuposa mwana wake, ndipo tsopano ndimati ndimunamize ndi pakamwa pake pomwe, adzitame pagulu ndi madzi a pampopi, azungu akuyang'anana. Kwathu sitichitira munthu wamkulu chipongwe chotero. Komanso ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndikuika pangozi, chifukwa ndine amene ndinkawadyetsa masiku aja ankatembenukira kukhoma. Ndinatsekanso botolo lija, ndinawerama, n'kutunga madzi pang'ono pansi pa kapu.

A Mwale analandira ndi dzanja lawo labwino, anaikweza kwa a Vince ngati munthu wa paukwati, n'kupsontha. Nkhope yawo inakwinyika. Analavula pamchenga, anayang'ana m'kapu, anaviika chala n'kulawanso.

"Mnyamata wophika uja anamwa izi?"

"Eya, bambo."

"Masiku angati?"

"Atatu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye wolemba uja sananame. Onama ndinu."

"Ndine, bambo."

"Iyi si nyanja yathu."

"Si yathu. Iyi ndi yamchere. Kuno ndi ku Australia, munabwera pandege ndi Limbani."

Ndinayembekezera kulira kapena kutukwana, koma iwo anangofunsa kuti kwathu ndi mbali iti. Ndinaloza kutsogolo, kumene madzi amakumana ndi thambo, n'kunena kuti ndi kutsidya, ndipo ukafika kutsidyako pali mtunda wina woti uyende. Anati ndifunse msodzi mnzawo kuti pabwato ndi masiku angati. Ulendo uno ndinamasulira zonse, mbali zonse ziwiri, osachotsa kanthu. A Vince anamvetsera nkhani yonse kuyambira tsiku la ludzu lija, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni sanamenye kanthu. Anavula chipewa chawo.

"Muuze kuti pa bwato ngati lake safika. Ngakhale langa silikanafika."

A Mwale anandibwezera kapu n'kunena kuti ndiwatembenuze, dzuwa likuwalasa m'maso. Dzuwa linali kumbuyo kwawo.

Sabata yotsatira

Masiku awiri a Mwale sanadye. Ndinkalowa ndi mbale, kutuluka ndi mbale. Limbani anadula shifiti yake n'kukwera ndege, ndipo anandipeza pakhonde la ofesi maso ali gwa.

"Anti, ndinakupemphani chinthu chimodzi. One thing! Akapita, mudzandiuza chiyani?"

Mpaka lero sindimuimba mlandu. Lynette anandilembera kalata yochenjeza, yoyamba ndi yomaliza pa ntchito yanga yonse, ndipo analira pondipatsa, koma anandipatsabe kuti ndisaine. Za ulendo wa kugombe umene anakonza yekha sizinalowe m'kalatamo.

Ndinkadzitonthoza kuti mwina a Mwale aiwala, monga ankaiwalira dzina la Lynette tsiku lililonse. Izi sanaiwale. Tsiku lachitatu anamuitana Limbani, anatseketsa chitseko, ndipo zimene anakambirana sindinazimve. Limbani anatuluka akupukuta m'maso n'kundidutsa, koma madzulo ake bambowo anadya theka la mbale. Sanabwererenso kukhala munthu wa nthabwala uja, ndipo pakhonde lam'mwamba sanapemphenso kupitako. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Ngati ndinachita bwino kapena ndinalakwa, inu ana anga mudzaweruza nokha, ine ndayesa zaka zonsezi ndalephera.

Lachinayi ndinaganiza zowasiya agone, koma ndinawapeza atavala kale, akundidikira pa wilitcheya. M'chipinda chowerengera mayi Margaret anali atabweretsa buku latsopano, la maluwa pachikuto. A Mwale analiyang'ana n'kulikankhira kumbali ndi chala. Anati akufuna lija la amuna anayi, chifukwa iwo anawatukwana amunawo pachabe miyezi itatu ndipo sanamve nkhani yawo. Mayi Margaret anayamba kufotokoza kuti bukulo latha kale, koma a Vince anali atalitulutsa m'thumba la jekete lawo n'kuliika patsogolo panga. Ndinatsegula tsamba loyamba. A Mwale anagwira mkono wanga.

"Yambirani poyamba penipeni, Anaphiri. Ndipo ulendo uno mchere musachotsemo."